Ndani akukumbukira malole akale ndi matiyirumu a pa Mwanza?

Mwana wa Dalaivala:
Moni nonse akuluakulu apagulu. Ndabwera ndi pempho. Sabata yathayi tinali pa Lunzu kusasula denga la nyumba ya malemu bambo anga kuti tikhome malata atsopano. Potulutsa katundu m'kachipinda kakumapeto ndinapeza bokosi lawo la paulendo, lathabwa, lopakidwa penti wobiriwira. M'kati muli kapu yachitsulo yoyera ya mkombero wabuluu, yosupukasupuka kunsi, pulaimasi ndi sipanala ziwiri. Pambali pa bokosilo panali chigogo cholemera, chosemedwa mopendekera mbali imodzi, chili ndi chogwirira cha waya. Ine ndimati ndikachiponye pa nkhuni, mayi n'kundikalipira kuti chimenecho n'chimene chinkagwira lole ya bambo ako pamtunda.

Bambo anayamba ndi Bedford, kututa chimanga ndi mtedza m'misika ya ADMARC. Cha mu 1985 anasamukira pa thiraki ya Benz yopita ku Harare kudzera ku Tete. Anatisiya mu 1996 ine ndili Sitandade 5, ndiye zomwe ndikukumbukira n'zochepa: fungo la dizilo pa jekete lawo, buledi wa Lobels, ndi kulira kwa hutala akafika pa mphambano usiku. Amene munayendako misewu imeneyi, ndiuzeniko. Ankadya kuti? Ankagona bwanji? Chigogochi ankachigwiritsa ntchito motani?

Che Makaniko a ku Ndirande:
Mwanawe, wandikumbutsa kutali. Bedford zinalipo za mitundu iwiri zimene zinadzaza misewu yathu. Ya mphuno, ija ya J5 ndi J6, ndiye panali yopanda mphuno, TK. Ya ku ADMARC kumidzi kawirikawiri inali ya mphuno chifukwa m'matope inalibe mantha. Zambiri zinali ndi injini ya 330 ya dizilo, masilinda sikisi. TK inali yokongola kuyendetsa koma ife okonza inkatipweteka msana, poti injini ili kuseri kwa mipando ndipo umaifikira pa tizitseko ta m'mbali, uli chopindika.

Ubwino wa magalimoto amenewo, ukadwala unkaumva ndi khutu. Dizilo akatha n'kulowa mpweya, unkamasula nati za pa injekita, kupopa ndi chala mpaka thovu litatha, basi yalira. Thanki ikabooka, sopo wa Sunlight unkamufewetsa ndi malovu n'kumata, mpaka ku Limbe osadontha. Sipanala ziwiri wapezazo bambo ako ankatha kuphwasula nazo theka la galimoto pansi pa mtengo wa mango.

Mngoni wa pa Lizulu:
Ife tili ana tinkaidziwa Bedford isanaonekere. Ikamakwera mtunda inkalira ngati ikubuula, kenako phee pang'ono posintha giya, kenako n'kuyambiranso. Tinkasiya mbuzi kuthamangira kumsewu kukaimika manja kuti alize hutala.

Lole Boyi Wakale:
Funso la chigogolo ndiyankhe ine, poti ndinachinyamula zaka zisanu ndi chimodzi ndisanagwire chiwongolero.

Tinkatenga mabelo a thonje ku chigwa kukwera nawo ku Blantyre. Mukawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kufika pa Thabwa, mtunda uja umayamba ndipo sukupatsa mpata wopuma. Tisanauyambe adalaivala anga ankaima, ine n'kuthira madzi mu rediyeta, kugogoda matayala onse ndi chitsulo kumva ngati lina lafooka, kukokanso zingwe za tenti. Ndikatero sindinkalowanso kutsogolo. Ndinkaima pa sitepe, dzanja lina lagwira chitseko, lina chigogo.

Galimoto yodzaza inkakwera ndi giya wani, liwiro la munthu woyenda pansi. Choopsa chinali posintha giya pa kona. Magiya amenewo ankafuna kuponda kilachi kawiri, ndipo giya ikakana kulowa galimoto inkaima kaye kamphindi, kenako n'kuyamba kubwerera. Buleki ya pamanja siinkagwira katundu wotero. Kamphindi kameneko ndiye kanali kanga. Adalaivala akangoti "ika!" ndinkalumpha, kuthamangira ku tayala lakumbuyo, kulowetsa chigogo. Umamva thabwa likulira tayala likalikwera. Akaipeza giya n'kunyamuka, uzule chigogo, uthamange nacho, ukwere galimoto ikuyenda. Tsiku lina tinachita zimenezi kasanu mtunda umodzi, mvula ikugwa, kumanzere kuli phompho.

Chogwirira cha wayacho musachione chabe. Amene ankagwira chigogo ndi manja pansi pa tayala ena anasiya zala pamenepo. Bambo anu ngati anachiika waya ndiye kuti ankamuganizira mnyamata wawo.

Zina zonse zinalinso zanga: kuphika, kuchapa maovolosi, kumata chubu, kulondera katundu. Adalaivala ankagona pa mpando, ine pansi pa galimoto pa chiguduli, pafupi ndi injini poti pankafunda. Koma ndi momwemo ndinaphunzirira. Anayamba kundipatsa kuti ndizibweza galimoto pa depoti, kenako pa msewu wafumbi wopanda anthu, mpaka ndinakatenga laisensi. Madalaivala ambiri a nthawi imeneyo sukulu yawo inali chigogo.

Achemwali a ku Kasiya:
Kwathu basi ya UTM inkabwera kamodzi patsiku, dzinja osabwera n'komwe. Ndiye matola athu anali malole omwewa. Ndinapita koyamba ku sekondale nditakhala pamwamba pa matumba a mtedza, sutikesi ili pamiyendo, mayi atandimanga mpango kumutu chifukwa cha fumbi. Tikafika pa nthambi yotsika mnyamata wa lole ankakuwa kuti "mitu pansi!" Mlamu wanga atadwala usiku inalinso lole ya fodya imene inamutengera kuchipatala, ndipo dalaivala anakana kulandira kanthu.

NaPhiri wa pa Mwanza:
Mwana wanga, funso lako lakuti ankadya kuti landifika pamtima. Ine ndinali ndi tiyirumu pa Mwanza kuyambira 1984 mpaka 1998, kufupi ndi pamene mathiraki ankandanda podikira kuwoloka. Inali nyumba ya zidina, mabenchi atatu, matebulo awiri oyala pulasitiki wamaluwa, kuseri kuli chisakasa chophikira.

Ndinkadzuka 3 koloko. Moto woyamba unali wa mgolo wa madzi osamba, chifukwa munthu wagona mu thiraki amafuna ayambe wathira madzi otentha m'thupi. Wachiwiri wa ketulo yaikulu. Masamba a Chombe, mkaka, shuga osaumira, ndipo kapu imadzaza mpaka kutayikira mu sosala. Masikono tinkaphika tokha mu uvuni wa dothi. Masana nsima ya ufa woyera, nkhuku ya chikuda kapena mbuzi, nyemba, mpiru wotendera. Nyengo ya manachesi ndinkaika dengu pakhomo, aliyense womaliza kudya atengepo awiri.

Ambiri ankabwera ndi kapu zawo ngati wapezayo. Ena ankazisiya kwa ine, ndinkazipachika pa misomali kukhoma, ndipo iliyonse ndinkaidziwa mwini wake. Kapu ikakhala pa msomali milungu itatu osatsika, mtima unkayamba kundigunda.

Ndinali ndi kope la ngongole. Munthu akudikira masiku atatu, ndalama ya paulendo yatha, sungamusiye ndi njala. Ankadya n'kulemba, pobwera n'kudzalipira, ena ndi ndalama, ena ndi mafuta ophikira kapena sopo wa ku Zimbabwe. Koma kope lomwelo linasanduka la zinthu zina. Usiku woti mawa akuwoloka kulowa mu Mozambique mmene munali nkhondo, munthu ankabwera mwakachetechete, kundipatsa envulopu, n'kunena kuti mayi, mukapanda kundiona mutumize izi kwa akazi anga ku Chilomoni, kapena ku Bangwe. Ndinkalemba dzina, mudzi, ndi zimene wasiya. Akabwera ndinkamubwezera n'kudula mzere. Pa zaka zonsezo maenvulopu amene ndinatumizadi ndi anayi. Mayina awo sindinaiwale ngakhale limodzi.

Mwana wa Dalaivala:
Amayi, ndawerenga kawiri. Sindinkadziwa kuti zinkafika pamenepo. Kunyumba bambo sankanena chilichonse cha njira imeneyi, ankangoti msewu unali bwino.

Madala a Konivoyi:
Sakananena, mwanawe. Tonse tinkati msewu unali bwino.

Kuchoka pa Zobue kukafika pa Nyamapanda, pa boda ya Zimbabwe, ndi makilomita pafupifupi 260. Lero munthu amadutsa akumvera wailesi. Nthawi imeneyo sunkaloledwa kuyenda wekha. Tinkadikira tsiku la konivoyi, asilikali a ku Zimbabwe n'kutindandika m'mamawa, galimoto zawo zankhondo kutsogolo, pakati ndi kumbuyo. Mzere unkatalika moti wakutsogolo sankadziwa zimene zikuchitika kumbuyo. Munali ife, munali a Swift, a Clan, a GDC, a Wheels of Africa, munali matanka a mafuta amene aliyense ankapemphera kuti asakhale pafupi nawo.

Malamulo anali awiri. Usaime. Usatsike pa phula, chifukwa m'mbali ndi momwe ankakwirira mabomba. Ngakhale mkodzo unkathana nawo m'botolo. Msewu unali wokumbikakumbika, koma unkaponda mafuta basi, masipuling'i akulira. M'mbali munali mafupa a mathiraki opsa, ena unkawazindikira kuti iyi inali ya uje.

Ulendo wina titadutsa Moatize pobwerera, tayala langa lakutsogolo linaphulika. Anzanga ankandilambalala mmodzimmodzi, ndipo sindinawadandaule, lamulo linali lomwelo. Mnyamata wanga ndi ine tinatsika, jeke pansi, manja akunjenjemera moti nati zinkagwa. Asilikali akumbuyo anaima nafe, mfuti ataloza kutchire, wina akungoti "kurumidza, kurumidza". Ndiye thiraki ina ya Benz inaima kutsogolo kwathu, dalaivala wake, Mmalawi mnzathu, n'kubwera chothamanga ndi wilo sipanala yaitali. Sanalankhule. Tinamanga atatu, iye n'kuthamangira ku galimoto yake. Tinakakumana pa Mwanza madzulo, ndinamugulira tiyi, nkhani ya tayala osaitchula.

Ku Tete kunkatentha ngati mu uvuni. Pa mlatho wa Zambezi tinkawoloka ochepaochepa, mlatho ukugwedera. Ana ankaima m'mbali akupempha, ndipo ambiri tinkagula buledi wapadera woti tiziponya pa windo. Buledi wa Lobels amene unkadya kunyumbayo, dziwa kuti anzake anatsala m'manja mwa ana a ku Changara.

Ukangowoloka pa Nyamapanda thupi lonse linkamasuka. Pa Mutoko tinkaima kudya sadza ndi nyama, kugula tomato, ena kugona pomwepo tulo tofa nato. Ndipo pobwera, ukaona manachesi a pa Mwanza, unkadziwa kuti ana akuonanso.

Kamnyamata ka pa Zingwangwa:
Pepani madala, funso la mwana. Bwanji katunduyo sankangodutsa pa sitima m'malo moika anthu pa ngozi chonchi?

Aphunzitsi Opuma:
Funso labwino. Kale katundu wathu pafupifupi yense ankayenda pa njanji, ya ku Beira kudzera ku Nsanje ndi ya ku Nacala kudzera ku Nayuchi imene inatsegulidwa mu 1970. Nkhondo ya ku Mozambique ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo itakula, njanji ziwirizi zinaima, pofika 1984 zonse zinali zosayenda. Fodya, tiyi ndi shuga zinayenera kupita pa msewu mpaka ku Durban, feteleza ndi mafuta kubweranso momwemo. Mpamene makampani a mathiraki anachulukira. Onjezanipo chimanga cha anthu othawa nkhondo, amene anafika pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko muno.

Kumapeto kwa 1990 panagwirizanidwa zoti asilikali a ku Zimbabwe azikhala m'njira za Beira ndi Limpopo zokha. Atachoka ku Tete, mathiraki anayamba kuzungulira ku Mchinji, Chipata, Lusaka ndi Chirundu. Ulendo wa Blantyre mpaka Harare wa makilomita 600 unasanduka woposa 1,400. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992.

Mayi a Ana Asanu:
Ndakhala ndikuwerenga chete, koma ndilankhuleko. Mukukamba zokoma za pamsewu, za ubale wa madalaivala, ndipo sindikutsutsa. Koma kunyumba kunalinso anthu. Amuna anga ankachoka milungu itatu, inayi, popanda foni, popanda kalata. Mwana wathu wachitatu anabadwa n'kudulidwa mchombo bambo ake ali ku Durban. Wailesi ikanena kuti ku Tete kwaombedwa mathiraki, ndinkapita ku yadi ya kampani kukaima pa geti ndi azimayi anzanga, mlonda osatiuza kanthu, mabwana osatuluka. Ndalama ya ngozi imene ankalonjezedwa inkabwera mwa apo ndi apo.

Ndipo tinene zoona, si nkhondo imene inatha madalaivala a m'badwo umenewo. Ndi matenda. Zaka za m'ma 1990 tinaika maliro mpaka kutopa. Pa mzere wa nyumba zathu panali madalaivala asanu ndi awiri, pofika 2000 anatsala mmodzi. Amuna anga anapita mu 1997, ine ndinapulumukira mankhwala atayamba kuperekedwa ulere mu 2004. Ndikunena poyera chifukwa ndakalamba ndipo manyazi anatipha kokwanira. Ndinkawakonda, mpaka lero chithunzi chawo ataima pa Benz yawo chili pabalaza. Koma mukamakumbukira malo oima pamsewu, kumbukirani kuti si onse anali a tiyi.

Madala a Konivoyi:
Mayi, mwanena zoona ndipo palibe choti ndiwonjezere kapena kuchotsa. Munthu ukapulumuka ku Tete unkadziona ngati imfa yakulephera, ndalama zili m'thumba, kwanu kuli kutali. Ambiri tinalakwa pamenepo. Pa anzanga amene tinkandanda limodzi pa Zobue, amoyo sakukwana zala za dzanja limodzi. Pepani chifukwa cha zimene munadutsamo pa geti paja. Ife tili pamsewu sitinkaziganiza mokwanira.

NaPhiri wa pa Mwanza:
Achemwali, ndakumvani. Ine ndinkaziona ndi maso. Kwanga kunkatsekedwa 8 koloko, nyimbo zinkayamba kutsidya kwa msewu. Atsikana ambiri a kumeneko anali othawa nkhondo, ena ana enieni, opanda chakudya. Nawonso anatha. Ndinkawalangiza madalaivala ngati alongo anga, ena ankamva, ena ankaseka. Kenako unkaona munthu amene ankamaliza nsima ziwiri akulephera theka, kolala ya shati itakula. Ndinkamuphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, osalemba m'kope.

Mwana wa Dalaivala:
Amayi a Ana Asanu, zikomo polankhula. Bambo anga anadwala chaka chathunthu. Kunyumba mpaka lero timangoti chinali chifuwa. Ndikuganiza kuti ndikakhala pansi ndi mayi tikambe bwinobwino.

Wa ku Chitimba:
Yewo nonse. Nkhani yalemera, koma lolani ndiikeko za kumpoto, poti njira ya ku Dar es Salaam nayo inatsegulidwa chifukwa cha nkhondo yomweyo. Ife tinakulira m'munsi mwa Chiweta. Kumwera mumaopa kukwera, kwathu choopsa n'kutsika. Thiraki yodzaza ikatsika pa Boliwoli dalaivala akudalira mabuleki m'malo mwa giya, pofika pakati mabuleki apsa, fungo lake timalimva kumudzi. Madalaivala akale ankaima pamwamba, kuzungulira galimoto, kulowetsa giya yaing'ono, n'kutsika pang'onopang'ono ngati akuperekeza maliro, nyanja ikuoneka pansi. Amene ankathamanga ndi achilendo.

Amalume anga ankayendetsa tanka. Ankatchula malo ngati nyimbo: Songwe, Kasumulu, Tukuyu, Uyole, Makambako, Iringa, kenako mtsetse wa Kitonga umene ankati Chiweta ndi mwana, Mikumi kumene njovu zinkatseka msewu, Morogoro, Chalinze. Ankabwera ndi zitenje, mapoto, ndi Chiswahili chapakamwa. Ndi iwo anatiphunzitsa kukazinga tchipisi pamodzi ndi mazira, ndi tiyi wowiritsira mu mkaka wothira tangawizi. Pa Chitimba azimayi ankawadikira ndi mpunga wa Kilombero ndi batala wowotcha. Mpaka pano matanka amaima, koma mwachangu.

Amdala a ku Chipata:
Muli bwanji abale a ku Malawi. Ise ku Zambia mavuto amenewa tinayamba kuwaona kale. Ian Smith wa ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero) atalengeza ufulu wake pa 11 Novembala 1965, mafuta anasiya kubwera kuchokera kumwera. Anayamba kubwera m'migolo pa malole kuchokera ku Dar es Salaam, kudzera Tunduma, Mpika mpaka Kapiri Mposhi, pobwerera atanyamula kopa. Msewu unali wafumbi, dzinja matope okhaokha, ndipo unatchedwa Hell Run. Atate anga anayendetsako Fiat yokoka ngolo pa msewu umenewo. Ankati lole imodzi ikatitimira, zonse za kumbuyo zigona pamenepo masiku, anthu a m'midzi n'kubwera ndi nkhuku ndi ufa, msika n'kubadwa pomwepo. Paipi ya mafuta ya TAZAMA itafika ku Ndola mu 1968 ndiye zinapepukako.

Za 1991 zimene anena aphunzitsi ndikuzikumbukira bwino. Mwadzidzidzi mathiraki a ku Malawi anadzaza Great East Road. Pa Luangwa Bridge azimayi ogulitsa nsomba zouma anapanga ndalama chaka chimenecho. Mapiri a pakati pa Nyimba ndi Luangwa anagwetsa ambiri amene sankaidziwa njira.

Dalaivala wa ku Luton:
Moni kumudzi. Ine ndimayendetsa thiraki kuno ku England, ndipo kumene ndimakhala ndi kwawo kwa Bedford. Dzinalo linali la kampani ya Vauxhall ya ku Luton, malole ankapangidwa pa Dunstable, mtunda wosakwana theka la ola kuchoka pakhomo panga. Anasiya kupanga cha mu 1986. Ndinapitako ku chionetsero cha magalimoto akale, n'kupeza TK yopukutidwa ngati ya ukwati. Nditamuuza mwini wake kuti kwathu zoterezi zinkanyamula chimanga mpaka posachedwapa, anandikweza n'kundilizira injini. Kulira kwake ndi komwe kuja a Mngoni anena. Misozi inalengeza.

Madalaivala achikulire kuno amadandaula zofanana ndi zathu. Anali ndi matiyirumu awo m'misewu yakale ngati A1 ndi A5, mayi wophika akukudziwa dzina, mbale yodzaza mazira, bekoni, nyemba ndi buledi wokazinga, tiyi mu kapu yaikulu, pamwamba pali zipinda zogona. Misewu ikuluikulu itayamba kumangidwa, M1 mu 1959, magalimoto anasiya kudutsa pakhomo, malo aja n'kumatsekedwa limodzilimodzi. Otsala ndi owerengeka.

Ntchito yake pano ndi ya makina. Ukayendetsa maola anayi ndi theka uyenera kupuma mphindi 45, ndipo kachipangizo ka m'galimoto kamalemba zonse. N'zabwino, zimateteza moyo. Koma umapumira pa malo oimika magalimoto mazana, aliyense m'galimoto yake, makatani otseka. Ndimadya nsima yanga ya m'kontena ndekha.

Wa Howo:
Ife a masiku ano musatiiwale. Ndimayenda Beira, ndimadutsa pa Mwanza pomwepo kawiri pamwezi. Ku Tete mathiraki timadzera mlatho watsopano wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014, m'tauni sitilowamo. Lole boyi kulibe, makampani ambiri amaletsa kukweza munthu. Galimoto ili ndi GPS, ukaima pamalo osalembedwa foni imalira nthawi yomweyo kufunsa chifukwa. Ikawonongeka sungaigwire, umadikira wa kompyuta. Koma kudikira pa boda sikunathe, ndipo pamenepo timasonkhabe, wina ufa, wina tomato, wina mbaula, kuphikira pansi pa ngolo. Azimayi ophika aliponso, ngongole amatipatsa, kungoti pano timalipira pa foni. Chigogo ndili nacho, cha labala, koma ndimaika ndekha galimoto itaima kale.

Madala a Konivoyi, mafupa a mathiraki munanena aja ambiri anatoledwa ndi ogula zitsulo. Ndikadutsa pa Moatize ulendo uno ndikukumbukirani.

Che Makaniko a ku Ndirande:
Mwanawe wa bokosi, pulaimasiyo usataye. Chimene chimafa ndi kachikopa ka pa mpope, ukadula ka nsapato yakale n'kukanyika m'mafuta imayakanso. Chigogocho uchipake oyilo wakuda kuti chiswe chisalowe. Ndipo tayang'ana sipanalazo ngati zalembedwa mainchesi kapena mamilimita. Za mainchesi ndi za nthawi ya Bedford, za mamilimita ndi za Benz.

Mwana wa Dalaivala:
Ndayang'ana, Che Makaniko. Imodzi yalembedwa 9/16, inayo 19. Ndiye kuti anasunga imodzi pa galimoto iliyonse.

Amayi NaPhiri, ndili ndi mantha kufunsa, koma makope aja alipo? Kunsi kwa kapuyi kuli kachingwe ka waya kopota, ngati kopachikira pa msomali.

NaPhiri wa pa Mwanza:
Analipo asanu ndi limodzi. Anayi anadyedwa ndi chiswe nyumba itagwa ndi mvula, awiri ali mu sutikesi kwa mwana wanga wamkazi konkuno. Ndi a 1987 mpaka 1990. Dzina la bambo ako usalembe pagulu pano, unditumizire kumbali pamodzi ndi chithunzi cha kapuyo, ujambule ndi kunsi komwe. Maso anga anafooka, koma mdzukulu wanga andiwerengera tsamba ndi tsamba.

Lole Boyi Wakale:
Ukapita undiuze, ndili pa Lirangwe. Ndikufuna ndichigwireko chigogocho.

Mwana wa Dalaivala:
Ndatumiza, amayi. Loweruka ndibwera ndi mayi anga, avomera. Achimwene a pa Lirangwe, tikutengani pa siteji cha m'ma 7, chigogo chikhala m'buti.

NaPhiri wa pa Mwanza:
Mukawoloka pa Zalewa mundiimbire kuti nditereke madzi. Kapuyo musaiiwale.